Ulonda wa Sajeni Barragán

Lolemba, 3 Febuluwale

Kwa Mkulu wa Chipatala cha Asilikali Opuma, kudzera mwa aliyense amene angatole kope lino. Ine Russell Dombrowski, lefutenanti wopuma wa asilikali a pamadzi, mwini madigiri awiri a mbiri yakale, mphunzitsi amene waumba mitu ya ana a eni mu Ohio muno mpaka imvi mbuu, ndikudandaula mwamphamvu, ndi ulemu wochepa umene wanditsalira, kuti lero andiveka masokosi achikasu. Achikasu ngati mapazi a bakha. Nditafunsa chifukwa, namwino wamkulu, mayi Odessa Fenn, andiuza kuti chikasu ndi chizindikiro cha wodwala amene angathe kugwa nthawi ina iliyonse. Ndawakumbutsa kuti ine ndinkayenda pa sitima ikuvina ndi mafunde, osaterereka. Iwo ati, “Nanga dzulo munagwa bwanji m'bafa mwanu mopanda mafunde, bambo Dombrowski?” Nkhaniyi ndiipititsa kwa akuluakulu.

Zenizeni: kapamba watupa, chifukwa chake mowa. Diripi kudzanja lamanzere, jakisoni wa mavitamini, mapiritsi oletsa kunjenjemera ndi kukomoka. Chakudya ayi, madzi okha. Ululu ukuchoka pamimba n'kukatulukira kumsana.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Thukuta, kusanza, njenjenje. Pakhoma pali nyerere. Akuti palibe. Awonjezera mapiritsi.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Nyerere zasamuka. Ndamwa msuzi umene nkhuku inangodutsamo osaima. Magazi akuti ayamba kuoneka bwino, koma diripi ikhalabe.

Andikweza m'chipinda cha anthu atatu, kumene amasunga ife amene nkhondo ndi botolo zinatigawana. Kuwindo kuli a Hollis Ingram, nkhalamba imene inamenya nkhondo ku Vietnam, ogontha ngati chitsa, okonda mpira wa pa kanema. Kukhomo kuli Sajeni Ezequiel Barragán wa gulu la Marini, aja ife a pamadzi timawanyamula m'sitima n'kukawatula pagombe kuti akatifere. Maso ake ndi achikasu, mimba yatupa ngati ng'oma, mikono yatsala mafupa. Atamva kuti ndinali wa pamadzi anati, “Eya, atibweretsera woyendetsa takisi.” Ndamuuza kuti ndikadadziwa ndikadamugulira makrayoni oti azitafuna, poti dziko lonse likudziwa kuti zimenezo ndizo ndiwo za Amarini. Waseka pang'ono, maso osawachotsa pakhomo.

Wandifunsa kuti nkhondo ndinamenya ndi chiyani. Ndamuuza zoona, kuti ndi mabokosi. Ndinali woyang'anira katundu pa bwalo la ndege ku Kuwait, mabokosi opita ndi mabokosi obwerera. Opita anali a nyemba ndi zipolopolo. Za obwerera, amene anali a maliro, sanafunse.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kwabwera Dokotala Lindqvist, mayi wamtali woyankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza liwu lililonse pa sikelo. Akuchita kafukufuku ndi ndalama za boma lalikulu, kuyesa piritsi limene akuganiza kuti lingachepetse maloto oipa ndi ludzu la mowa mwa asilikali opuma. Theka la ife lilandira mankhwala enieni, theka lina lilandira ufa woumba bwino. Kompyuta ndiyo imachita mayere, ndipo ngakhale iwo sadziwa amene walandira chiyani mpaka kafukufuku adzathe. Ndawauza kuti boma linayamba kale kundimwetsa zinthu osandiuza kuti ndi chiyani, kusiyana kwake n'kwakuti lero landipempha chilolezo. Ndasaina.

Piritsi loyera m'mawa, lina madzulo. Pamkono andimangira kawotchi kosaonetsa nthawi, kamene kamayeza tulo. Kazitape ameneyu ali pamkono pa Sajeninso. Iye analowa kafukufukuyu ine ndisanabwere.

Sajeni sagona. Bedi lake ndi loyala bwino, losakhwinyata ngati la paperete. Amakhala pampando moyang'ana khomo, usana ndi usiku. Akasinza pang'ono mutu n'kugwa, amadzidzimuka ngati wamenyedwa mbama.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Tsiku la alendo. Mlongo wanga Bernadette wabweretsa mapirogi, zitumbuwa zoika mbatata ndi tchizi m'kati, mayi Fenn n'kuwalanda pakhomo, akuti kapamba wanga sangapirire mafuta. Ndaona ndi maso anga a Ingram akuwadya onse. Ogontha, koma mphuno ili bwinobwino.

Mkazi wa Sajeni, mayi Graciela, abweretsa matamale, mikate ya chimanga yokulunga m'makoko, ophika opanda mchere chifukwa cha chiwindi. Iye wadya limodzi kuti awasangalatse, n'kunena kuti likukoma ngati pilo. Potuluka mayiwo andipeza m'khonde ndikuyenda ndi mtengo wanga wa diripi, ndipo andiuza zonse ngati kuti ndine mlamu wawo. Chiwindi cha mwamuna wawo chatha. Kuti amulembe pa gulu la odikira chiwindi china, ayenera kukhala theka la chaka osalawa dontho. Koma chibwerereni ku Iraq, tulo take takhala tikubwera ndi botolo basi. Popanda botolo sagona, ndipo munthu sangakhale theka la chaka osagona. Sajeni wawauza kuti akafika Lachisanu asanagone, asaina yekha n'kutuluka. Madokotala anawauza kale kuti misempha ya kummero kwake yatupa, akadzamwanso ikhoza kuphulika, ndipo magazi ake adzathera pakhomo pa nyumba.

Anandifunsa kuti, “Inu ndinu ophunzira, bambo, munthu amamuuza chiyani kuti agone?” Madigiri awiri aja anangoti zii.

Lolemba, 10 Febuluwale

Andichotsa diripi m'mawa, ndinasanza phala, andibwezeranso. Sajeni amuchotsa madzi m'mimba ndi singano yaitali. Mapiritsi ogonetsa amphamvu sangamupatse, chiwindi sichingawasefe. Masana anaiwala dzina la mkazi wake kwa kanthawi. Kenako analikumbuka.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Chipale chofewa chagwa tsiku lonse. Titadya chamasana, a Ingram ali pa mpira wawo, ndinamuuza Sajeni kuti agone, khomo ndiliyang'ana ine. Anandiyang'ana ngati ndamupempha mswachi wake. Anati ulonda sapatsirana ngati ndudu ya fodya, ndipo sangasiyire malo munthu wosameta ndevu, wovala mkanjo wotseguka kumatako.

Kenako, osandiyang'ana, anandiuza za Tibbs. Anali pa ulonda padenga la nyumba ina pafupi ndi mtsinje wa Firate. Nthawi yake inali itatha, ndipo amene ankabwera kudzamulandira anali Tibbs, mnzake wa ku Kentucky wokonda kuimba molakwitsa. Anamuona akudutsa pabwalo, chisoti chili m'manja, akumukodola. Bomba linagwa pakati pa bwalo, pomwe panali Tibbs. Zitatero kunali chipwirikiti, kunyamula ovulala, kusamuka. Wina anangokuwa kuti aliyense atsike akwere galimoto, iye n'kutsika. Palibe amene anaima pamaso pake n'kunena mawu aja omasula mlonda, akuti ndakulandirani.

“Ndikudziwa kuti ndi zamisala, a Takisi. Mutu ukudziwa kuti kuno ndi ku Ohio. Koma ndikangotseka maso, thupi limati wasiya malo usanalandiridwe.”

Ndinamufunsa ngati anawauza madokotala. Anati za Tibbs anawauza kambirimbiri, amalemba, amamumvera chisoni, amamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono. Koma za mawu aja sananene, chifukwa munthu wamba angamve bwanji kuti munthu wamkulu akufa chifukwa cha mwambo wa masekondi ochepa.

Ine ndinamva. Pa sitima ngakhale wophika tiyi sachoka pamalo asanalandiridwe.

Ndamuimbira Bernadette kuti afufuze m'kabati yanga, pamwamba, kuseri kwa mabotolo.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndameta ndevu, ndadzicheka pawiri, manja sanakhazikike. Bernadette wabweretsa chipewa changa cha usilikali, chikununkha kabati. Mayi Fenn andibwereka mkanjo wachiwiri kuti ndivale chakumbuyo, matako a ofesala asaonekere kwa anthu ake. Anafunsa ngati kuli ukwati. Ndinati kuli ntchito ya boma.

Masana, dzuwa likuwala pachipale, ndinatuluka m'khonde, ndinatembenuka, n'kulowanso ndikuguba mmene munthu angagubire akukoka mtengo wa diripi. Ndinaima pamaso pake, n'kuchita sawatcha. Ndinkaopa kuti aseka, kapena andiponyera kapu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira m'mphepete mwa bedi, anadzikoka, anaima chilili, mimba patsogolo, zidendene pamodzi.

Ndinati, “Sajeni Barragán, ndabwera kudzakulandirani ulonda. Nenani za malo ano.”

Anati, “Khomo limodzi, bwana. Mawindo awiri, osatseguka. Anthu atatu, onse amoyo.” Kenako anawonjezera, “Tibbs sanafike.”

Ndinati ndamva, Tibbs sanafike, ndabwera ndine. Ndakulandirani.

“Ndalandiridwa, bwana.”

Anakhala pabedi, anavula nsapato, anaziika moyandikana bwino. Anagona chagada ngati munthu amene akuyesa madzi ozizira ndi chala. Ine ndinakhala pampando wake. Unali wofunda. Mpira wa a Ingram usanafike pakati, mkonono unayamba, woipa, wa thirakitala yakale. Mayi Fenn atabwera ndi mapiritsi a madzulo anaima pakhomo, anayang'ana bedi, anayang'ana ine ndi chipewa changa, n'kubwerera monyang'ama.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Chimene sindinachiganizire ndi chakuti wolandira ulonda sagona. Ndachezera pampando mpaka kunja kwayera, msana ukulira. Kawiri konse anatsegula diso limodzi kuona ngati ndilipo. Ndinalipo.

Wadzuka nthawi ya kadzutsa, nkhope yotupa, n'kupempha mazira. Wavala nsapato, waima pamaso panga, wandilandira ndi mawu onse. Ndanena za malo: khomo limodzi, anthu atatu, mmodzi waba mapirogi. Ndagona usana wonse.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Sanasaine. Mayi Graciela anabwera ndi chikwama chopanda kanthu choti alongedzemo zovala zake, abwerera nacho chopanda kanthu. M'khonde anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Ndinawauza kuti asamale singano ya diripi.

Tsopano tikusinthana: iye amagona usiku, ine usana. Diripi yachoka. Ndadya mpunga ndi nsomba yowiritsa, zakhala m'mimba.

Lolemba, 17 Febuluwale

Akazitape a pamkono atiulula. Dokotala Lindqvist abwera ndi mizere iwiri yojambulidwa pa kompyuta. Wa Sajeni wakwera ngati phiri kuyambira Lachitatu, wanga wasokonekera ngati wa mleme. Maso awo ankawala, ndipo ndinaona kuti mumtima akuti mwina piritsi lija lagwira ntchito. Zinandipweteka kuwakhumudwitsa, koma ndinawafotokozera zonse, Sajeni akugwedezera mutu.

Anayang'ananso mizere ija. Kenako anati alemba mmene zachitikira, ndipo manambala a tulo a ife awiri sangawagwiritsenso ntchito, chifukwa palibe angadziwe ngati wagonetsa munthu ndi piritsi kapena lefutenanti. Ndinapepesa kuti ndawononga sayansi ya boma. Anati sayansi siwonongeka ndi zoona, imangochedwa. Anamufunsa Sajeni mafunso ambiri, mofatsa, za mawu aja, ndani angawanene, ndani sangawanene. Anafunsa ngati mayi Fenn angamulandire, kapena mkazi wake. Sajeni anati mayi Fenn amawaopa kuposa mkulu wa asilikali aliyense, koma sanalumbirepo ngati msilikali. A Ingram analumbira, koma mlonda wosamva ndi chitseko chabe.

Ndinafunsa ngati zimenezi angazifufuze, poti mwina pali ena amene atsala padenga ngati iyeyu. Anati alipo ambiri, ndipo alemba pempho la ndalama za kafukufuku wina, koma pempho lotere limayenda zaka lisanayankhidwe. Sananene kuti Sajeni alibe zaka zodikira. Tonse tinamva.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Kapamba waphwa, magazi ali bwino, manja akhazikika. Akuti ndituluka Lachisanu, bedi likufunika, ndizidzabwera kuchokera kunyumba kudzatenga mapiritsi ndi kukhala nawo pa zokambirana za gulu. Ndapempha kuti nditsale. Ndinayankhula ngati loya, ndinatchula malamulo a dziko ndi mbiri ya Aroma. Akana mwaulemu. Pali anthu pansipa amene akuona nyerere pakhoma.

Sajeni wamva. Madzulo nditaima kuti ndimulandire, anati ndisavutike, ayenera kuyamba kuzolowera. Wabwerera pampando wake.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Sanagone. M'mawa ndamupeza akupinda malaya ake n'kuwaika m'thumba la pulasitiki.

Ndinamuuza nzeru imene inandibwerera, ndipo ndikuilemba pano kuti dziko lidziwe phindu la maphunziro apamwamba. Ndinati ndikatuluka Lachisanu ndikagula botolo limodzi lalikulu, kapamba atupanso, pofika Lolemba adzakhala atandibweza m'chipinda chino, ulonda n'kupitirira. Ndinkanena moseka, koma kukhosi kwanga kunali kutayamba kale kuvomera.

Anasiya kupinda malaya. Anati, “Mlonda woledzera kwathu tinkamumanga, a Takisi. Ine kulandiridwa ndi chidakwa ayi. Bola ndikafere kwathu.”

Chakudya chamasana chinabwera n'kuzizira. Ndinkaganiza za mabokosi obwerera aja, mmene ndinkasainira kuti ndalandira, wina n'kusaina kuti watenga, bokosi osakhalapo mphindi imodzi lopanda mwini. Kenako ndinavala chipewa, ndinaimirira, n'kumuuza kuti aime. Anaima monyinyirika.

Ndinamuuza kuti monga ofesala yekhayo pamalo ano, ndikutenga ulonda wa denga lija m'manja mwanga, ndipo sindidzaubweza m'mawa. Ndipita nawo kwathu. Mmene ndidzaulondere, amene ndidzamuike pamenepo, zimenezo ndi za akuluakulu, sajeni alibe nazo gawo. Ntchito yake ndi kugona, kudya matamale okoma ngati pilo, ndi kudikira chiwindi.

Anafunsa kuti nanga ine ndizigona liti. Ndinati mkulu wa sitima amagona, koma sitima imakhalabe yake. Anaganiza, n'kuvomereza kuti ofesala kugona ndi ntchito yokhayo imene amaidziwa. Kenako nkhope inauma.

“Koma mkulu wa sitima samwa, bwana. Tsiku limene mudzatsegule botolo, muyambe mwandiimbira foni, mundiuze kuti malo ali opanda munthu, ndidzuke ndikhalepo. Musadzandisiye ndili mtulo pamalo opanda mlonda. Lumbirani.”

Ndinayesa kupeza nthabwala. Sinabwere. Ndinalumbira.

Ananena za malo: khomo limodzi, mawindo awiri, anthu atatu. Anaima pamenepo. Ndinadikira dzina lija, koma sanalitchule. Ndinati ndakulandirani, iye n'kuti ndalandiridwa. Anatulutsa malaya m'thumba muja n'kuwabwezera m'kabati.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Andipatsa mapiritsi oyera a milungu iwiri, a mavitamini, ndi pepala la zakudya zoletsedwa, limene ndi lalitali kuposa la zololedwa. Kawotchi kakhalabe pamkono. Dokotala Lindqvist anditsanzika ndi dzanja. A Ingram afunsa ngati mlongo wanga azibwerabe.

Sajeni sindinatsanzikane naye. Anali mtulo, kukamwa kuli yasa, dzuwa lili pamapazi pake. Theka la chaka ndi lalitali, ndipo chiwindi chake sichinalonjeze munthu kuti chidikira. Koma lero wagona.

Ndikulemba ndili pabenchi pafupi ndi khomo lalikulu, kudikira galimoto ya Bernadette. Kutsidya kwa msewu kuli sitolo ya mowa, magetsi ake ofiira akuyaka masana ano. Ndaiyang'ana, iyonso yandiyang'ana. Foni ili m'thumba, nambala ya Sajeni ilimo. Kuti ndiwoloke msewu umenewu ndiyenera kuyamba ndadzutsa munthu uja.

Choncho, kwa Boma Lalikulu la dziko lino, mwini kafukufuku amene ndinalowamo ndili munthu waufulu n'kutulukamo ndili pa ntchito: popeza m'chipatala chanu ndalandidwa luso la botolo, lokhalo limene ndinalidziwa mpaka pansi pake, ndipo ndasenzetsedwa denga la nyumba ya ku Iraq limene sindinaliponde n'kamodzi komwe, ndikulamula chipukutamisozi. Munditumizire sitima ya nkhondo imodzi, yaing'ono ilibe kanthu, muikocheze poimika magalimoto kuseri kwa nyumba yanga, pakati pa mabini a zinyalala ndi galimoto ya aneba, kuti ofesala akhale ndi poponda pomwe akulondera. Munditumizirenso munthu wolumbira, wometa ndevu, wodzandilandira ulonda. Koma ameneyo abwere tsiku limene Ezequiel Barragán adzatsitsimuke ali ndi chiwindi chatsopano. Akafika lisanakwane tsikulo, ndidzamubweza.